Tiwerenge makalori, koma tidye ndithu

Ku ntchito kwathu tilipo atsikana asanu amene timadyera pamodzi nkhomaliro. Aliyense amatsegula kontena yake patebulo nde timalawirana: uyu wabwera ndi mpunga wa nyemba, uyu futali, winayo nsima yotsala dzulo ndi usipa. Miyezi iwiri yapitayo mmodzi wa ife, wamng'ono pa tonsefe, anayamba kubwera ndi nkhaka zoduladula ndi botolo la madzi a mandimu basi. Tsiku loyamba tinamuombera m'manja. "Koma ndiwe wolimba mtima iwe, ife sitingathe." Sabata yachiwiri tinkamufunsa kuti watsika makilo angati. Sabata yachitatu anagwa pasiteji akudikira minibasi. Anamudzutsa ndi amayi ena ogulitsa nthochi, akumukupiza ndi chitenje.

Atapezako bwino anatiuza zoona. Chinkhoswe chake chinali pafupi, ndipo mwamunayo anali atamuuza, ati moseka, kuti kamimbako kachoke asanajambulitse zithunzi. Iye anatsitsa app pafoni n'kudziikira malire a makalori 700 patsiku. Kuchipatala anamupeza kuti magazi ndi ochepa.

Za mwamunayo tinalankhula mpaka pakamwa kuuma. Koma ine chimene chimandisowetsa tulo ndi ifeyo. Tinalipo anayi, tonse tili ndi matisheti a ufulu wa amayi, tonse timadziwa kulemba za nkhanza pa Facebook, koma njala ya mnzathu tinaiombera m'manja masabata atatu athunthu.

Nditafotokozera asisi ena a m'gulu lathu lino, yankho linabwera msanga: tisiyiretu zokamba makalori, ndi chikwapu china chokwapulira thupi la mkazi. Mkwiyo wawo ndikuumva, nanenso ndinali nawo. Koma apa ndiye tisiyana maganizo, ndipo chifukwa chake ndi mayi anga aang'ono.

Iwowa mawu oti kalori sanawamvepo. Moyo wawo wonse akhala akugulitsa mandasi ndi zitumbuwa. M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi a m'beseni momwemo. Masana tchipisi cha pachiwaya, poti nthawi yobwerera kunyumba kukaphika panalibe. Dzuwa likaswa mtengo, botolo la zoziziritsa kukhosi. Anthu ankawayamikira: "Koma bizinesi ikuyendatu, mwanenepa bwino." Asanakwanitse zaka 50 anawapeza ndi matenda a shuga komanso BP. Sindikunena kuti mandasi okha ndi amene anawadwalitsa, matendawa amayenderanso kumtundu. Koma lero maso akuwavuta, mwezi ndi mwezi ali pamzere wa kuchipatala. Tsiku lina ndikuwafotokozera kuchuluka kwa shuga amene ali m'botolo limodzi, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji palibe anatiuza?"

Atsikana anzanga, awiriwa ndife tomwe. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi magazi ochepa, ndipo mmodzi mwa asanu aliwonse anali wolemera thupi kupitirira muyezo. Olemera thupiwa m'tauni anali ochuluka kwambiri kuposa kumudzi. Nthawi zina ndi munthu mmodzi yemweyo: thupi lalikulu, magazi ochepa, chifukwa m'mimba mukulowa zokhutitsa ndi zokazinga zokhazokha, masamba ndi zomanga thupi kulibe.

Nde maganizo anga ndi awa. Kalori ndi muyezo chabe, ngati kilo kapena lita. Ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka ku thupi. Wodziwa sikelo saberedwa pamsika. Vuto limayamba pamene nambala ija yasanduka chigamulo cha kukongola kwako, ndipo wogamulayo ndi chibwenzi, apongozi, kapena mtsikana wa pa Instagram amene akugulitsa tiyi. Manambalawa tiwadziwe, akhale m'manja mwathu. Ndipo tikamagawana maphikidwe, tizigawana mbale zodzaza.

Manambala ofunika ndi ochepa, safunanso app. Mkazi wamkulu amafunika makalori pafupifupi 2,000 patsiku, wina ocheperako, wina ochulukirapo, malinga ndi zaka, kutalika ndi ntchito imene amagwira. Kuposa theka la mphamvuyi thupi limaigwiritsa ntchito ngakhale utangogona tsiku lonse: mtima ugunde, mapapo apume, ubongo uganize, thupi lifunde. Tsono makalori 700 aja sakwanira ngakhale munthu wogona, nanga wokwera maminibasi awiri n'kukhala pakompyuta mpaka 5 koloko?

Galamu imodzi ya zokhutitsa monga ufa, mpunga kapena shuga ili ndi makalori 4. Ya zomanga thupi, 4. Ya mowa, 7. Ya mafuta, 9. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, pomwe magalamu 100 a ufa wouma ali ndi pafupifupi 360. Tawerengani nokha. Masupuni atatu a mafuta, aja timangothira kuchokera m'botolo tikuyankha foni, akufanana ndi ufa wophikira mtanda wonse wa nsima. Koma taonani zimene timachita: nsima timaithawa ngati mfiti, kwinaku ndiwo zikusambira m'mafuta. Mbatata ya kachewere yophika m'madzi, magalamu 100, ili ndi makalori osapitirira 90. Yomweyo ikadutsa pachiwaya imafika cha m'ma 300. Mbatata ilibe mlandu.

Shuga nayenso amalowa mwakachetechete. Supuni yaing'ono imodzi ndi makalori 16, zooneka zochepa. Koma tiyi wa masupuni atatu katatu patsiku ndi masupuni 9. Botolo la 300 ml la zoziziritsa kukhosi zambiri lili ndi masupuni 7 kapena 8. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 patsiku, ndipo n'kwabwino koposa kukhala pansi pa 6. Majuwisi a m'mabokosi ndi sobo ali m'gulu lomwelo, ngakhale pabokosipo ajambulepo lalanje lokongola bwanji. Choipa cha zakumwa n'choti sizikhutitsa. Wamwa makalori a chakudya, koma njala ili pomwepo.

Tsono nsima. Ine nsima ndimadya tsiku lililonse ndipo sindipepesa. Chimene ndinasintha ndi ufa ndi kuchuluka kwa mitanda. Ufa woyera ndi mgaiwa makalori ake sasiyana kwenikweni. Kusiyana kwake n'koti tikakonola chimanga ndi kuviika mphale, timataya gaga ndi kamtima ka chimanga, mmene muli mavitamini ndi zija zimathandiza kuti chakudya chigayike pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mgaiwa umakhalitsa m'mimba. Koma tinene zoona, mgaiwa timaunyoza chifukwa umatikumbutsa ku boarding ndi umphawi. Timalolera kugula ma oats odula ochokera kunja kuti tijambule, chonsecho chigayo chili kuseri kwa nyumba. Ngati mgaiwa weniweni ukukuvutani, sakanizani theka ndi theka ndi ufa woyera, pakamwa pamazolowera.

Ku sikelo ya ana amayi amaphunzitsidwa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Phunziro limeneli timaliona ngati la ana ndi amayi a kumudzi, koma ndi lathu tonse. Ine ndimaliika pambale motere: theka la mbale masamba, gawo limodzi nyemba, usipa, dzira kapena nyama, gawo lotsalalo nsima, mpunga kapena mbatata. Ukatero suvutikanso kuwerenga chilichonse, mbaleyo yawerenga kale.

Nazi zimene zimayenda kukhitchini kwanga, pambaula imodzi, magetsi akhalepo asakhalepo.

M'mawa, phala la mgaiwa lothira supuni imodzi ya nsinjiro. M'malo mwa shuga ndimaponderamo nthochi yakupsa kwambiri, ija yayamba madontho akuda imene ogulitsa amatsitsa mtengo. Tsiku lina mbatata yophika ndi dzira lowiritsa. Dzira limodzi lili ndi makalori pafupifupi 75 ndi magalamu 6 a zomanga thupi, ndipo limakufikitsa masana osalakalaka mandasi. Mbatata mukaipeza yofiira mkati, ngati Zondeni, Kadyaubwerere kapena Anaakwanire, tengani imeneyo, ili ndi vitamini A wambiri.

Masana, m'kontena. Nyemba ndimaphika zambiri kamodzi kuti makala asathe tsiku lililonse. Zophika kale, magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 130, ndipo zimakhuta bwino. Ndimazikazingira ndi supuni imodzi ya mafuta, yoyeza ndi supuni yeniyeni, anyezi wambiri ndi tomato wambiri. Pambali bonongwe kapena mpiru, ndi mtanda umodzi wa nsima kapena mpunga wodzaza chipande chimodzi. Pamwamba kabichi wodula mopyapyala, tomato, anyezi ndi madzi a mandimu. Nandolo, khobwe ndi nzama zimalowa m'malo mwa nyemba bwinobwino.

Usipa ndimauviika kaye m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, kenako ndimauphika ndi tomato ndi anyezi m'malo mouumitsa m'mafuta. Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, nde timapezamo kashiamu wolimbitsa mafupa amene m'nyama yang'ombe simungamupeze chotere. Ma soya pieces chimodzimodzi: awiritseni, afinyeni, alowe mu supu ya tomato. Amamwa mafuta ngati thonje mukawakazinga ouma.

Madzulo, nkhwani kapena chisoso chotendera. Apa pali kachinsinsi. Mtedza uli ndi makalori ambiri, pafupifupi 570 pa magalamu 100, chifukwa pafupifupi theka lake ndi mafuta. Koma umabwera ndi zomanga thupi, pomwe mafuta a m'botolo amabwera okha. Nde sankhani chimodzi: mwatendera, musathirenso mafuta. Soda muchepetse kapena mumusiye, amafewetsa masamba msanga koma amaononga mavitamini ena. Masamba asapse mpaka kuda. Tsiku loti nsima sindikuifuna, futali wa maungu kapena wa mbatata amakwana payekha.

Pa nkhani ya magazi, ife timataya magazi mwezi ndi mwezi, nde thupi lathu limafuna ayironi wochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi la mwamuna. Ali mu nyemba, masamba obiriwira, usipa ndi nyama. Tiyi womwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pomwe mandimu, tomato wosaphika ndi magwafa amathandizira. Tiyiyo dikirani kaye ola limodzi mutadya. Mnzathu uja akanadziwa zimenezi, madzi a mandimu akanawathira pa nyemba m'malo mowamwa pamimba yopanda kanthu.

Nthawi yovuta ndi 4 koloko, pamene fungo la chiwaya limakupeza uli pasiteji. Njala ya nthawi imeneyo siigonja ndi pemphero, imafuna kuti m'chikwama mukhale kanthu. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, makalori pafupifupi 170, koma dzanja limodzi ndithu, pepala lonse ayi. Chimanga chootcha kapena chophika. Mbuliwuli, ena amati popukoni, zophulitsa nokha m'poto ndi timafuta pang'ono: makapu atatu ndi makalori ongopitirira pang'ono 100. Nthochi imodzi, pafupifupi 100. Chivwende, makalori 30 okha pa magalamu 100. Zipatso za nyengo yake zimatsika mtengo zokha: mango, masuku, masau, magwafa, mapapaya. Peyala ndi labwino koma ndi lamafuta, makalori 160 pa magalamu 100, nde mapeyala akuluakulu a ku Thyolo ndi Mulanje aja gawanani ndi mnzanu. Chambiko chothiramo papaya chimaposa mayogati otsekemera a m'sitolo.

Mukalakalaka zitumbuwa, kumbukirani kuti nthochi ndi ufa womwewo agogo athu ankakulunga m'masamba a nthochi n'kuphika mkate, wopanda dontho la mafuta. Chigumu cha m'poto, makala pansi ndi pamwamba, chimathekanso ndi shuga wochepa mukathiramo nthochi. Thobwa lopanga nokha limatsekemera kale ndi chimera, shuga mumayeza nokha. Madzi a malambe kapena bwemba nawonso ndinu mwini supuni.

Nanga mandasi? Idyani tsiku lina. Paukwati idyani keke, muvine. Chimene ndimadana nacho ndi chilankhulo chimene tatengera: "lero ndachimwa", "ndagwa m'mayesero", "mawa ndidzilanga". Mandasi si chigololo, asisi. Thupi limayendera zimene umadya masiku ambiri, za Loweruka limodzi sizisintha kanthu. Mtsikana akayamba kuona chakudya ngati tchimo, chotsatira chake ndi kudya mobisa ndi kudzida.

Tsopano tilowe m'nyumba, chifukwa mbale ya mkazi siyambira pa iye. M'makomo ambiri nthutumba ndi ntchafu ya nkhuku zimapita kwa abambo, ana amalandira zawo, mayi amatsala ndi khosi ndi msuzi. Amadya pomaliza, ataimirira, akutsuka mapoto, n'kumalizitsa nsima imene ana asiya kuti isatayike. Zomanga thupi zadutsa, kwa iye kwafika nsima ndi mafuta. Kwinanso mpaka lero mayi woyembekezera amaletsedwa mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi, pa nthawi imene thupi lake likuwafunitsitsa. Kenako mayi yemweyo akanenepa amauzidwa kuti wadzitaya.

Ndipo mwamuna amene akufuna kamimba kachoke nthawi zambiri ndi yemweyo amakankha mbale kuti ndiwo zopanda mafuta ngati za kundende sadya. Mkazi amayamba kuphika mapoto awiri, lamafuta la banja ndi la nkhaka lake. Ntchito yawirikiza, makala awirikiza, njala ndi yake yekha. Ine ndikuti poto likhale limodzi. BP ndi shuga sizisankha kuti uyu ndi bambo. Mafuta ndi mchere zikachepa, zichepere nyumba yonse, ndipo nyama ikagawidwa, wophikayo alandire gawo lofanana. Abambowo ndi anyamata a m'nyumbamo agwireko mpeni ndi mthiko, manja ali nawo.

Tinenenso ichi poyera. Munthu amene amakunyozani thupi tsiku ndi tsiku, kukuwerengerani mitanda, kukulandani mbale pamaso pa anthu, kapena kukuopsezani kuti akusiyani mukapanda kuonda, sakukusamalirani. Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006 limatchula nkhanza za m'maganizo pamodzi ndi zakumenya. Zoti palibe bala looneka sizitanthauza kuti palibe nkhanza.

Ifenso akazi tisiye kupatsana moni ndi thupi. Ukaonda: "Ukudwala kodi? Ukayezetse." Ukanenepa: "Eee, koma ndiye wafufumatu, ndi mimba?" Kuno kwathu mkazi sapambana, mbali zonse pali mlandu. Chonsecho sitidziwa chimene mnzathu akudutsamo. Ena amanenepa ndi jakisoni wolera. Ena ndi mankhwala otalikitsa moyo, ndipo mawu anu oti "wanenepatu" angamupangitse kusiya mankhwala amene akumusunga. Ena ndi chithokomiro, ena angobereka kumene, ena aonda ndi maliro kapena nkhawa. Ngati mulibe chonena, yamikirani chitenje.

Pamene pali manyazi a akazi pamakhala msika. Tiyi wochotsa mimba mumamuona tsiku lililonse pa status. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, monga masamba a senna. Umathamangira kuchimbudzi, madzi amachoka m'thupi, sikelo imatsika, iwe n'kumati zikugwira. Mafuta ali pomwepo, ukamwa madzi makilo abwerera. Ukazolowera, matumbo amayamba ulesi. Chosekesa n'choti wogulitsa yemweyo pa status yotsatira ali ndi manyuchi okulitsa mahipi, amene ambiri mwa iwo ndi mankhwala a ziwengo ongopatsa njala ndi tulo. Woonda amugulitsa kunenepa, wonenepa amugulitsa kuonda, ndalama zalowa thumba limodzi. Safunsa anadya phula. Mtsikana wodziwa kuti supuni ya mafuta ndi makalori 120 ndi wovuta kumunamiza, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuti gulu lathu lithawe manambala.

Wina anena kuti zonsezi n'za anthu a ndalama. Pang'ono akunena zoona. Mazira ndi nyemba zakwera mtengo. Mtsikana wa ku hostel ali ndi kachitofu kamodzi, kamene magetsi akazima kamasanduka chokongoletsa. Wogwira ntchito m'shopu amadya ataimirira, bwana akuyang'ana wotchi. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi, koma yesani kuthamanga m'mawa mumsewu wa kwanu muone malikhweru ndi mawu amene akutsatireni. Izi ndi nkhani za ufulu, ndipo tipitiriza kuzimenyera: nthawi ndi malo odyera kuntchito, misewu imene mkazi angayende osatukwanidwa. Koma mulu wa bonongwe ndi wotsika mtengo kuposa mbale ya tchipisi, ndipo kuchepetsa mafuta ndi shuga kumasiya ndalama m'thumba. N'chifukwa chake kugawana maphikidwe kuli kofunika. Amene wapeza njira yophikira nyemba osamaliza thumba la makala, kapena chonyamula m'kontena choti sichisasa pofika masana, ali ndi nzeru imene mnzake akuisowa lero.

Nde tiyeni tizigawana, koma tigwirizane kagawanidwe kake.

Onetsani mbale yonse, mutiuze zimene mwathiramo, mafuta masupuni angati, zatenga nthawi yaitali bwanji pamoto. Nambala ya makalori ikhoza kukhalapo ngati mukuidziwa, monga mmene mungatchulire mtengo wa tomato.

Mpikisano wa amene wadya zochepa patsiku usakhalepo. Zithunzi za "kale ndi pano" zoyerekeza mimba tizisiye. Pali mtsikana wa zaka 16 amene akuwerenga mwakachetechete, ndipo zimene timaombera m'manja ndi zimene adzachite.

Woyembekezera, woyamwitsa, wosakwana zaka 18, wodwala shuga, ndi amene ali pa mankhwala a TB kapena otalikitsa moyo asachepetse chakudya chifukwa cha malangizo a pafoni, ngakhale anga ano. Woyembekezera ndi woyamwitsa amafunika chakudya choonjezera. Awa akambirane ndi achipatala. Ngati mukufunadi kutsitsa thupi pa chifukwa cha umoyo, kutsika kwabwino ndi kwapang'onopang'ono, cha m'ma theka la kilo pa sabata, mukudya katatu patsiku.

Ndipo tiziyang'anirana. Mnzanu akayamba chizungulire, tsitsi kuthothoka, kusamba kudumphadumpha kapena kusiyiratu, kuzizidwa nthawi zonse, kuthawa kudya pagulu, kupita kubafa akangomaliza kudya, musamuyamikire kulimba mtima. Matenda oopa chakudya si a azungu okha, aliponso pakati pathu, ndipo amapha. Mukhale naye pansi, mumufunse modekha, mumuperekeze kuchipatala. Ife tinachedwa ndi masabata atatu, ndipo tinachita mwayi kuti anagwera pafupi ndi amayi a nthochi, sanagwere pakati pamsewu.

Mnzathu uja anabwerera patebulo. Ali pa mapiritsi oonjezera magazi, ndipo dzulo anabwera ndi nandolo, mpiru wotendera ndi mtanda wa mgaiwa, anamaliza zonse. Za chinkhoswe ndi nkhani yake, adzanena yekha akafuna. Mayi anga aang'ono akugulitsabe mandasi, poti ndi mmene ana akulipirira sukulu, koma pambali pa beseni anaonjezera mbatata yophika ndi mtedza, ndipo tiyi wawo amathira supuni imodzi. Patebulo pathu funso loti watsika makilo angati linaletsedwa. Timafunsana kuti wathiramo chani.

Nanga inu asisi, lero m'kontena muli chani? Lembani m'munsimu mmene mwaphikira, makamaka inu odziwa kuphika chigwada ndi therere lopanda soda, ena tikufuna tikayese mawa.